Ntchito ya pa yacht: kodi ndingalowe ngati purser ndikuchokera ku Mulanje?

Funso ili labwera kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Chitakale, ndalifupikitsa chifukwa linali lalitali. Akuti: "Ndili ndi zaka 26, ndili ndi dipuloma ya hospitality, ndimagwira pa reception pa lodge ina konkuno ku Mulanje komanso mabuku a ndalama ndimasunga ndine. Ndaona pa Facebook kuti pa ma yacht a anthu olemera amafuna purser ndipo amalipira ma euro. Pali ajenti wina pa WhatsApp akuti ndimutumizire ya registration andipezera malo ku Monaco. Amayi akuti atha kugulitsa munda. Kodi ntchitoyi ndi yeniyeni, ndipo ndingalowe ngati purser kumene?"

Achemwali, choyamba muwauze amayi munda asagulitse, ndipo ajentiyo musamutumizire olo 1 tambala. Ntchitoyo ndi yeniyeni inde, ine ndaigwira, ndinayambira kochapa ndi kusita mpaka kudzakhala m'kaofesi ka purser, amene amaona za mapepala ndi ndalama za bwato. Koma munthu wokupemphani ndalama kuti akupezereni malo pa sitima ya pamadzi akuswa lamulo. Pali pangano la maiko lotchedwa Maritime Labour Convention (MLC) la 2006, linayamba kugwira ntchito mu August 2013, limanena poyera kuti ajenti asalipiritse wofuna ntchito, amene amalipira ajenti ndi mwini bwato. Nde mukamva za registration fee, processing fee, kaya "ya yunifolomu", dziwani kuti mwakumana ndi kamberembere. Ngati mukufuna kumuyesa mufunseni dzina la bwatolo, mbendera ya dziko lomwe linalembetsedwa, nambala yake ya IMO (nambala yozindikiritsa bwato pa dziko lonse) ndi kampani yomwe imaliyendetsa. Bwato lalikulu lililonse lili ndi zimenezi ndipo mukalemba dzina lake pa webusaiti ya MarineTraffic mumaona pomwe lili lero. Muona ayamba kukuuzani zoti malo akutha fulumirani. Nkhani ya atsikana athu amene anakavutika ku Oman inayambanso chonchi, pa foni, ndi malonjezo.

Tsopano za purser. Ndikuuzeni mosabisa, simulowa ngati purser, osati chifukwa mulibe nzeru koma chifukwa mpando umenewo samapatsa munthu amene sanagonepo m'bwato. Bwato limatchedwa superyacht likapitirira mamita 24, koma purser mumamupeza pa akuluakulu okhaokha, kawirikawiri a mamita 60 kapena 70 kupita mtsogolo, pomwe ogwira ntchito achuluka moti kaputeni sangathenso kuona za mapepala yekha. Pa ang'onoang'ono mapepalawo amagawana kaputeni ndi chief stew, mkulu wa osamalira alendo ndi zipinda. Nde malo a purser ndi ochepa, ndipo akatseguka amatenga chief stew wa zaka zambiri kapena munthu wochokera ku ma cruise ship amene anagwirapo kale za mapepala a padoko.

Chifukwa chake muchimvetse, pakuti anthu amaganiza kuti purser ndi akauntanti wovala zoyera basi. Tiyerekeze bwato likuchoka ku France kulowa ku Montenegro m'mawa. Usiku wake purser ali ndi mapasipoti a anthu onse pa tebulo, akulemba crew list ndi guest list, akuona kuti wa ku Philippines uyu viza yake ikutha liti, wa ku South Africa uja masiku ake a viza ya Schengen (yolowera maiko ambiri a ku Ulaya) atsala angati, satifiketi ya dokotala ya mainjiniya siinathe, akulemberana ndi ajenti wa padoko za malo oimikapo bwato ndi galimoto zodzatenga alendo. Ali mkati momo shefu walowa ndi mulu wa malisiti onyowa a kumsika wa nsomba, ena olemba pamanja mu chiItaliyana, ndipo lililonse liyenera kulowa mu Excel pa mzere wake. Akatha apo pali malipiro a anthu, masiku a tchuthi, matikiti a ndege a amene akupita ndi amene akubwera kudzalowa m'malo mwawo. Pepala limodzi likalakwika bwato limaima padoko alendo ali momo akudikira, ndipo alendo amenewa si anthu ozolowera kudikira.

Pali ndalama ina yotchedwa APA yomwe imasowetsa tulo ma purser. Anthu akabwereka bwato kwa sabata, kupatula mtengo wobwerekera amaperekeratu ndalama ina, nthawi zambiri cha m'ma 30 peresenti ya mtengowo, yogulira mafuta, chakudya, zakumwa, kulipira madoko. Tsiku lomaliza kaputeni amayenera kumuonetsa mlendo mmene ndalama yake yayendera, lisiti ndi lisiti, yotsala kumubwezera. Amene amakonza fayilo imeneyo ndi purser. Apa nde pomwe luso lanu la mabuku lidzagwire ntchito, koma zimenezo ndi za mtsogolo.

Khomo lolowera ndi junior stewardess, kapena steward ngati ndi mwamuna, amuna aliponso musamve zoti ndi za atsikana okha. Mkati mwa bwato wamkulu ndi chief stew, kenako second stew, kenako enanu, ndipo pa mabwato akuluakulu amakugawani patatu: operekera zakudya, okonza zipinda, ndi a ku laundry. Watsopano amapita ku laundry, kachipinda ka pansi kotentha kopanda windo, makina akulira tsiku lonse, kusita mashiti, mayunifolomu a anzanu, madiresi a silika amene mtengo wake ndi bwino osaudziwa kuti dzanja lisanjenjemere. Shefu ndi a kukhitchini ndi gulu lina, iwo amafunika mapepala awoawo, ndipo pa bwato la malonda la ogwira ntchito 10 kapena kuposa wophika amafunika Ship's Cook Certificate.

Kukonza chipinda pa yacht si monga timachitira ku lodge. Mlendo akangotuluka mu shawa mumalowa kukapukuta galasi lonse ndi matailosi kuti pasaoneke dontho, akasambanso masana mumabwerezanso. Mumasita mashiti ali pabedi pomwepo. M'makona mwa mipope mumalowetsamo kathonje ka m'makutu kaja. Madzulo alendo akakhala pa tebulo wailesi imalira m'khutu kuti ayamba kudya, ndiye inu awiri muli ndi nthawi ya chakudya chokhacho kuti zipinda zonse mukonze, makatani mutseke, madzi muike pambali pa bedi, zovala zomwe anataya pansi mupinde, ndipo akamabwera asakuoneni olo kumva fungo la sopo amene mwagwiritsa ntchito. Chief stew amabwera ndi tochi kudzayang'ana zala pa galasi. Anthu ena zimenezi zimawanyansa, amati ndinapita ku koleji kuti ndizipukuta zimbudzi za anthu? Ngati mtima umenewo muli nawo ndi bwino mudziwiretu panopa musanawononge ndalama.

Alendo amakhala ochepa, mabwato ambiri obwereketsa saloledwa kunyamula alendo oposa 12, koma ogwira ntchito atha kukhala 15, 20 mpaka kuposa. Lamulo limati munthu apume maola 10 pa maola 24 alionse, ndi maola 77 pa sabata, koma alendo akakhala m'bwato kugwira maola 14 kapena 16 si nkhani yodabwitsa, ndipo pakati pa alendo ochoka ndi obwera nthawi zina pamakhala tsiku limodzi lokha lotembenuza bwato lonse. Mumagona awiri m'kachipinda ka mabedi osanjikiza, mnzanuyo simunamusankhe, mwayambana naye masana usiku ali pamwamba panu akuliza mkonono.

Ndalama, poti ndi zimene aliyense amafuna kumva. Woyamba kumene amalandira cha m'ma 2,500 mpaka 3,000 euro pamwezi, chief stew ndi purser pa bwato lalikulu amatha kulandira kawiri ka imeneyo kapena kuposa. Lendi palibe, chakudya, yunifolomu, sopo zonse ndi za bwato, nde ngati simumwa mowa wa ku doko la Antibes ku France mutha kusunga pafupifupi yonse. Pa mabwato obwereketsa palinso tipu, bungwe la MYBA limalangiza alendo 5 mpaka 15 peresenti ya mtengo wobwerekera ndipo kawirikawiri imagawidwa mofanana kwa onse. Pa bwato la mwini wake lomwe salibwereketsa tipu ndi yosowa koma moyo umakhala wodekhako. Chomwe pa Facebook sanena ndi choti makontrakiti ambiri a oyamba ndi a sizoni, miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ikatha mumatsika ndi chikwama chanu kukayambanso kusaka. Zoti miyezi iwiri pantchito miyezi iwiri kunyumba uku ukulandira zilipo, koma ndi za akuluakulu.

Sizoniyo imayenda ngati ya tiyi kwathu ku Thyolo kuno, mvula ikagwa esiteti iliyonse ikufuna othyola, chilimwe chikafika anthu amachepetsedwa. Ku Mediterranean ntchito imatentha kuyambira May mpaka September kapena October, nde kulemba anthu kumachitika March ndi April, makamaka ku Antibes ku France ndi ku Palma ku Spain. Kenako mabwato ambiri amaoloka Atlantic kupita ku Caribbean, December mpaka April, kulemba anthu kwake kumachitikira ku Fort Lauderdale ku America cha mu October ndi November, ndi ku Antigua ndi St Maarten. Mukafika ku Antibes mu August mwachedwa, mungodya ndalama yanu.

Mapepala ofunika si ambiri. Choyamba STCW Basic Safety Training, kosi ya masiku asanu kapena kuposerako pang'ono, popanda imeneyi palibe kaputeni angakuyang'aneni. Mumaphunzira kuzimitsa moto mutavala chigoba chopumira m'chipinda chodzaza utsi, chithandizo choyamba, za chitetezo, ndi kudzipulumutsa m'madzi, kumene amakudumphitsani mu swimming pool mutavala jekete yoyandamitsa n'kukuuzani kuti mutembenuze raft, kabwato kopopa kopulumukirapo, yomwe yagadabuzika. Ngati madzi anu ndi ongoviika mapazi pa Dziwe la Nkhalamba pa Khirisimasi, yambani kuphunzira kusambira panopa. Chachiwiri ENG1, chiphaso cha dokotala wovomerezedwa ndi bungwe la ku Britain la MCA, dokotala wamba wa pa chipatala cha boma sangakulembereni. Chachitatu Food Safety Level 2, kakosi kakafupi. Kufupi kwathu kumene anthu ambiri amakachitira zonsezi ndi ku Cape Town, masukulu ake ndi ambiri chifukwa achinyamata a ku South Africa ndi odzaza mu ntchito imeneyi, ndipo ife ndi pasipoti ya Malawi timalowa ku Joni masiku 30 popanda viza. Musanalipire sukulu iliyonse funsani kuti satifiketi yawo ndi yovomerezedwa ndi ndani, chifukwa ma yacht ambiri amalembetsedwa ku Cayman Islands, Marshall Islands kapena Malta, ndipo dziko la mbenderalo ndi lomwe limanena mapepala omwe likuwalandira. Masukuluwo adzakunyengererani ma package a makosi 8, a vinyo, a maluwa, a jet ski, musatengeke. Muwerengerenso kuti zonsezi mulipira mu randi, ndipo mukudziwa nokha mmene forex ikuvutira kuno chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023.

Apa nde pali phiri lenileni, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe Amalawi timagwera. Si luso, si chizungu, ndi pasipoti. Mtsikana wa ku Italy kapena Croatia amangokwera sitima ya pamtunda kupita ku Antibes, amagona ku crew house, nyumba yogona osaka ntchito za pa yacht, m'mawa amayenda pa doko ndi CV m'manja kupempha ganyu ya tsiku, akagwira bwino amutenga. Inu kuti mufike pa doko lomwelo mukufunika viza ya Schengen, kuonetsa ndalama ku banki, tikiti yobwerera, pogona, ndipo akakupatsani ndi ya masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, komanso ndi ya mlendo, sikukulolani kugwira ntchito pamtunda. Kuyenda pa doko kusaka ganyu ndi viza ya mlendo akakugwirani atha kukubwezani ndi kukutsekerani khomo. Ku America nde kwavutiratu, kumeneko ogwira pa yacht amafunika viza ya B1/B2, ndipo mu August 2025 boma la America linaika Malawi ndi Zambia pa maiko oyamba omwe anthu ake ayenera kusiya chikole cha 5,000, 10,000 kapena 15,000 dollars kuti apatsidwe viza imeneyo. Malamulo awo akusinthasintha ndipo akunka nalimba, nde muyambe mwafunsa ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe musanaike mtima pa Caribbean. Kaputeni akakhala ndi ma CV awiri ofanana, wina wa pasipoti yosavuta wina wa pasipoti yofuna makalata asanu, mukudziwa amene amutenge. Ine monga purser ndimadziwa bwino chifukwa makalata asanuwo amene amawalemba ndine.

Ndiwonjezere china chomwe ambiri amachizemba. CV ya pa yacht imakhala ndi chithunzi, amayang'ana msinkhu, maonekedwe, ma tattoo, ndipo anthu akuda mu ntchito imeneyi ndife ochepa. Mabwato abwino osayang'ana khungu alipo ndipo ndagwirapo, koma alipo ena amene CV yanu saitsegula n'komwe ndipo sadzakuuzani chifukwa.

Nde kwa Mmalawi njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yozungulira. Mupite kaye kumene kampani ndi imene imakukonzerani viza. Ma cruise ship amalemba anthu ambiri a ku Africa kudzera kwa ma ajenti ovomerezeka, MSC mwachitsanzo imayenda kuchokera ku Durban ndi Cape Town nyengo yotentha, malipiro ndi ochepa kuyerekeza ndi yacht ndipo makontrakiti ndi aatali, koma mukatuluka muli ndi STCW, kabuku kosonyeza miyezi yomwe mwakhala panyanja, ndi zidindo mu pasipoti zosonyeza kuti mumapita n'kubwerako. Zidindo zimenezo ndi zomwe wa ku embassy amayang'ana. Ndipo kwa inu amene mtima uli pa mapepala, cruise ship ili ndi ma ofesi a guest services ndi crew purser kumene mungaphunzire za madoko ndi ma viza, zomwe ndi theka la ntchito ya purser wa pa yacht. Njira ina ndi mahotela a nyenyezi zisanu ku Seychelles, Maldives kapena Dubai, kumene ma yacht amafikanso, bola kontrakiti muione musananyamuke ndipo hotelayo muiimbire nokha pa nambala ya pa webusaiti yake. Zimatenga zaka ziwiri kapena zitatu, ndikudziwa kuti si zimene mumafuna kumva.

Pakadali pano muli pa lodge pomwepo pali zambiri zoti muchite zosafuna ndalama. Apempheni amanijala akuikeni ku housekeeping ndi ku dining masiku ena, anzanu azikusekani kuti mwatsika koma pa CV ya yacht chaka cha housekeeping chimalemera kuposa chaka cha reception. Phunzirani kunyamula mbale zitatu, kutsegula vinyo pamaso pa mlendo, kupanga khofi wa pa makina, ma cocktail odziwika, kuchotsa madontho pa nsalu zosiyanasiyana. Excel muidziwe mozama osati kungolemba manambala, ndipo ngati pali QuickBooks kapena pulogalamu ina ya ma akaunti muigwire. Za tiyi musazipeputse, munthu wokulira pakati pa minda ya tiyi amene atha kufotokoza kusiyana kwa wakuda, wobiriwira ndi oolong, madzi ake atenthe bwanji, akhale maminiti angati, amaoneka wosiyana pa interview, pitani mukalawe nawo ku Satemwa tsiku lina mufunse mafunso. Amene munakulira cha ku Muloza ndi Limbuli ndipo chiPwitikizi mumachimva, chilembeni pa CV. Ndipo kulikonse komwe mwagwira tengani kalata ya umboni yokhala ndi nambala ndi imelo ya munthu amene angayankhe, chifukwa ma ajenti enieni amaimbadi foni.

Mudziyesenso ngati nyanja mumaipirira. Ife a kuphiri ambiri sitinakwerepo chombo. Pitani ku Monkey Bay nthawi ya mwera, cha mu June kapena July, mukwere Ilala kapena boti ina iliyonse nyanja itakwiya. Kusanza tsiku loyamba si vuto, ambiri amazolowera ndipo mankhwala alipo, koma pali anthu ena thupi lawo limakaniratu, ndipo ku laundry kuja pansi pa bwato ndi kumene kumagwedezeka mosaona kunja.

Nkhani ya kumudzi mukambirane ndi amayi musanapite kulikonse. Pakati pa sizoni, alendo ali m'bwato, kukagwa maliro a amalume kapena agogo nthawi zambiri simubwera, mudzalira pa video call muli mu yunifolomu kenako mupukute maso mukaperekere chakudya chamadzulo. Kwa ife Alhomwe ndi Amang'anja kusapezeka pa maliro mukudziwa mmene anthu amakambira. Komanso achibale akangomva mawu oti euro foni siipuma, fizi, feteleza, malata, nde ngati simunagwirizane poyamba kuti mudzatumiza zingati pamwezi mudzabwera patatha zaka zisanu mulibe olo poloti.

Mukadzapeza bwato, musakwere ndege musanaone kontrakiti yotchedwa SEA, muwerenge malipiro, tchuthi, inshuwalansi ya chipatala, ndi amene alipire tikiti yobwerera kwanu, ndipo malo obwererawo alembe Blantyre kapena Lilongwe osati Johannesburg. Mabwato a malonda amamangidwa ndi lamulo la MLC lija, a eni ake osabwereketsa nthawi zambiri ayi, nde pamenepo kontrakiti ndiye chitetezo chanu chokha. Pasipoti amaisunga kaputeni kapena purser mu sefa chifukwa cha zidindo za padoko, zimenezo ndi zabwinobwino, koma mukaifuna ayenera kukupatsani. Nkhanza ndi kugwiragwira atsikana ziliponso pa mabwato ena, kaya kwa alendo kaya kwa anzanu, sungani mu foni nambala ya Yacht Crew Help ya bungwe la ISWAN, ndipo bungwe la ogwira ntchito la Nautilus International limalandiranso a pa yacht.

Kosi ya purser ilipo, ya pansi pa GUEST, dongosolo la maphunziro a ogwira ntchito mkati mwa yacht, koma imeneyo mudzachite mutagwira kale masizoni angapo, panopa ingakhale kutaya ndalama. Chimodzimodzi ENG1 musathamangire, imagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndipo mbali za moto ndi za m'madzi za STCW zimafuna kubwerezedwa pa zaka zisanu zilizonse. Mukachita lero mulibe viza mulibe bwato, zidzatha zili mu sutikesi. Muyambe ndi pasipoti ngati mulibe kapena ngati yatsala pang'ono kutha, mupemphe mashifiti a housekeeping mwezi uno, ndipo ku Cape Town mudzapite pokhapokha kampani ya cruise itakupatsani kalata, kapena mu January ndi February a chaka chimene viza ndi ndalama ya miyezi iwiri yodyera zili m'manja.